Kaseti Imene Anasiya a Paison

Kanyama, Lusaka
9 Malichi

Wokondedwa mlongo wanga Chipo,

Ndikhulupirira kalatayi ikupeza uli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana kumeneko ku Chipata. Nanga amayi ku Madzimoyo ali bwanji ndi mwendo uja? Pafoni amangoti ali bwino, koma iwe ukuwadziwa, ngakhale atamakwawa adzanenabe kuti ali bwino. Undiuze zoona zake. Ine kuno ndilipo, kungoti thupi lokha ndilo likuyenda.

Usadabwe kuti ndalemba pamanja ngati munthu wakale. Nkhani ndili nayoyi ndikanainena pafoni ukanayamba kuseka ndisanafike pakati. Ndapatsira a Gabrieli, kondakitala wa basi uja, ati akusiyira pamalo pako posokera kumsika.

Kuno mvula yatisautsa. Madzi afika pakhomo penipeni, ndipo popita kuntchito ndimanyamula nsapato m'manja n'kumadumpha pa njerwa zimene anthu anayala m'njira. Malaiti amapita m'mawa n'kubwera pamene afunira okha. Ntchito ndi yomwe ija yomata matayala, msana ukudandaula koma ndikupirira.

Tsopano nkhani yake ndi iyi. Ukukumbuka makina a gemu aja amene atate anagula kwa dalaivala wa thiraki pamalire a Mwami, chaka chimene nshawa zinachita bwino? Aja tinkalumikiza ku batire ya galimoto ndi kativi kathu kosaonetsa mitundu? Tsiku logawa katundu wa malemu achimwene a Paison, unaona ndikusiya jekete ndi nsapato n'kutenga makinawo m'pepala la pulasitiki. Amalume a Sankhani anafunsa ngati zidole zinatha ku Lusaka, anthu n'kuseka pamaliro. Ngakhale iwe sindinakuuze chifukwa chake.

Lachitatu lija ndinafika kuchipatala, iwe utapita kukatenga madzi otentha, a Paison sananene za munda kapena za mbuzi. Anandigwira dzanja n'kundiuza kuti anafika pakhomo la phanga lomaliza, ndipo ine ndikamalize. Ndinavomera msangamsanga, monga mmene munthu amavomerera chilichonse kwa wodwala. Loweruka lake anatisiya.

Mwina unaiwala mmene gemuyo ilili. Muli kamunthu konyamula nyali, kamene kamalowa m'mapanga asanu ndi awiri kufunafuna mabelu obedwa. M'mapangamo njira ndi zokhotakhota, ndipo mafuta a nyali akatha usanapeze belu, umabwezedwa pakhomo kukayambiranso. Ife tinali ndi kaseweredwe kathu. A Paison ankagwira padi yoyendetsera kamunthuko, ine ndinkagona chafufumimba pamphasa ndi pensulo ndi kope la masamu, kujambula njira iliyonse imene tadutsa. Akafika pamphambano ankangofunsa kuti kumanja kapena kumanzere, maso ali pativi, ine n'kuyankha. Ngakhale dzina losungira gemu tinagawana. Malo ake amalola malembo asanu ndi limodzi okha, ndiye tinalemba PAIACK, atatu awo, atatu anga.

Tinamaliza mapanga asanu. Kenako atate anamwalira, batire inagulitsidwa, ine ndinabwera kuno, makinawo n'kulowa m'bokosi. A Paison anadzawatulutsanso atayamba kudwala, pamene sankathanso kugwira khasu, n'kumasewera ndi magetsi a sola.

Chipo, ndikuuze mosabisa, gemuyi sikundikomanso ngakhale pang'ono. Lamlungu lililonse ndikachoka kutchalitchi, malaiti akakhalapo, ndimayatsa ngati munthu wopita kukalima munda wa eni. Kanyimbo kake kaja tinkaimba mluzu popita kudimba, tsopano kamandipweteka mutu. Zala zanga zinauma ndi matayala, sizimvera. Komanso ine sindinakhalepo wogwira padi, ntchito yanga inali pensulo. Ndikaimitsa gemu kuti ndijambule njira, tivi imada bii, osaona kanthu. Ndikapitiriza osajambula, ndimasochera mpaka mafuta kutha. Miyezi isanu tsopano, ndipo sindikudziwa ngati ndafika pakati pa phangalo kapena ndikungozungulira pafupi ndi khomo.

Palinso china. Kaseti ya gemuyi ili ndi malo amodzi okha osungira. Ndikasunga pamene ndafika ine, pamene anasiyira a Paison pafufutika. Choncho sindisunga. Ndikayatsa, kamunthu kaja kamakhala kataima pomwe anakasiya iwo, pakhomo la phanga, nyali ili ndi mafuta theka. Nthawi zina ndimangokayang'ana osakhudza padi, kenako n'kuzimitsa. Nsapato zawo anavala ena, njinga akukwera amalume, koma apa pokha palibe amene wasuntha chimene manja awo anaika.

Sabata yatha ndinayatsa n'kupeza dzina lija lasanduka timizeremizere tosawerengeka. Ndinazula kaseti, kuuzira mpweya monga tinkachitira kale, kubwezera, dzina n'kubwerera. Lolemba ndinapita nayo kwa Jibril, mwana wa a Majid a sitolo ya nsalu kwathu kuja, amene amakonza mafoni mtauni muno. Anaitsegula n'kundionetsa kabatire konga ka wotchi. Anati ndiko kamasunga zonse, ndipo kanayenera kutha zaka khumi zapitazo. Akakachotsa kuti aike katsopano, zonse zifufutika nthawi yomweyo. Akapanda kukachotsa, zifufutika zokha tsiku limene kafuna, mwina mawa, mwina chaka chamawa. Ati ilipo njira yolumikiza mawaya posintha, koma sangalonjeze, ndipo safuna kuti ndidzamude chifukwa cha chinthu cha malemu.

Iyeyo anandilangiza kuti ndisadzizunze, mathero a gemuyi aliko pa intaneti, ndingoonera mphindi zisanu nkhani ithe. Anandipezera pafoni pake pomwepo. Nditangoona kamunthu kakulowa m'phanga, ndinamubwezera foni yake. Zala zimene zinkayendetsa kamunthuko zinali za mlendo, ndipo a Paison sanandipemphe kuti ndikaonerere.

Ndinayamba kuganiza zongosiya. Wamkulu ngati ine, wa imvi m'ndevu, kumataya Lamlungu lonse pa chinthu chosandikondweretsa, n'chiyani? Mulungu sangandifunse za mabelu. Ndinafika pokulunga makinawo m'chitenje kuti ndiwaike pamwamba pa kabati.

Tsiku lomwelo ndinaimbira foni alamu a Rhoda, akazi a malemu, kuti ndimve za ana amasiye. Tikucheza, ndinawafunsa mmene a Paison anadutsira phanga lachisanu ndi chimodzi okha, popanda wojambula. Anati linawatengera pafupifupi chaka chathunthu. Ankakhala pampando wansungwi uja masana onse, kusochera, kubwezedwa, kuyambiranso. Ndipo anati panali chinthu chimene sankachimvetsa. Nthawi zambiri a Paison ankafunsa mokweza kuti kumanja kapena kumanzere. Poyamba alamu ankathamanga kuchoka kukhitchini poganiza kuti akuitanidwa, n'kuwapeza maso ali pativi, akudikira. Pambuyo pake anangoti ndi matenda, n'kusiya kubwera.

Ndinadula foni n'kunamizira netiweki. Iwe ukudziwa kuti zaka zinayi zathunthu sindinaponde kumudzi. Khirisimasi iliyonse a Paison ankaimba foni kuti ndibwere ngakhale masiku awiri, ine n'kumati ntchito yachuluka. Ntchito inalipodi, koma masiku awiri sakanandichotsetsa ntchito. Zimenezi zikundiwawa, mlongo wanga, ndipo palibe wina amene ndingamuuze.

Ndiye ndaganiza chonchi. Ndekha sindimaliza, ndipo sindiyesanso. Gemuyi ndi ya anthu awiri.

Ndisanapemphe, ndiyambe ndapepesa. Tinkakuthamangitsa, ati gemu si ya atsikana, upite ukaswe nshawa. Iwe unkaima pawindo n'kumasuzumira. Tsiku lina tili m'phanga lachitatu unakuwa kuti kumanzere, ndipo unalondola, ine ndi kope langa lonse nditalakwitsa. M'malo mothokoza ndinadzuka n'kutseka windo. Mwina unaiwala, koma ine ndakhala ndikukumbuka masiku ano.

Pempho langa ndi limodzi. Mu Ogasiti tikadzasonkhana pa mwambo wa chiliza cha a Paison, ndidzabwera ndi makinawa. Alendo akadzabalalika, udzakhale pampando wansungwi uja n'kugwira padi, ine ndidzagone pamphasa ndi pensulo. Zala zako ndi za telala, zimalowetsa ulusi m'singano osayang'ana, sizingalephere kamunthu ka nyali. Kope lija likuyenera kukhala m'sutukesi ya amayi, pansi pa yunifolomu yawo ya kutchalitchi. Ukapita kumudzi ulitenge, chiswe chisanatiyambirire. Amalume akafuna kuseka, aseke.

Ndikudziwa kuti kabatire kaja mwina sikafika Ogasiti. Sindiyatsanso mpaka tsikulo, chifukwa ndikuopa kudzaona ndili ndekha. Tikadzayatsa n'kupeza kamunthu kadakali pakhomo paja, tidzalowa, ndipo tidzasunga. Tikadzapeza zonse zafufutika, tidzalira pang'ono n'kuyambira phanga loyamba. Malembo ndi asanu ndi limodzi. Atatu oyamba adzakhalabe a a Paison, atatu enawo adzakhala ako. Ine pensulo ikundikwanira.

Undiperekere moni kwa amayi, uwauze asiye kupita kumunda ndi mwendo umenewo. Moni kwa alamu amuna ako ndi adzukulu onse, kwa azakhali ku Chipangali, ndi kwa amalume a Sankhani ndi njinga yawo. Kwa alamu a Rhoda upite wekha, usatume foni. Ukawauze kuti amuna awo mutu unali bwinobwino mpaka tsiku lomaliza. Funso lija linali langa, ndipo ndinachedwa kuyankha.

Tsala bwino, Mulungu akusunge mpaka tidzaonane.

Ndine mlongo wako,
Ackim