Msilikali Wosekerera wa Pakhoma

Amayi, kodi muli bwanji kumeneko? Kuno ku Hull, ku Mangalande, mphepo ndi yomwe ija, yolowa mpaka m'mafupa, ndipo maondo andikana. Mdzukulu wanu Esinati wabereka wachitatu, wamkazi, wabwerera kale kuntchito kuchipatala, mlezi ndine. Kumudzi akuti chimanga chapsa ndi ng'amba. Koma chandigwiritsa cholembera ndi china.

Limbani, mwana woyamba wa Esinati, walembetsa usilikali wa kuno. Zinayamba ndi mapepala. Chaka chino azungu akukumbukira nkhondo zawo, ndiye zithunzi zakale zoitanira anyamata kunkhondo zili ponseponse, m'masitolo, ngakhale pamakapu a tiyi. Limbani anamata china kuchipinda kwake: msilikali mano mbee, jombo waliwali, ngati akupita kuukwati. Nditachiona ndinakhala pansi. Si chotere chija munkati anakhoma pasitolo ya Mmwenye, Atate n'kusiya khasu m'munda kupita kunkhondo? Anabwerako akudzidzimuka ndi kugunda kwa musi komwe. Inu munkati chithunzi sichimva njala.

Ndiye tamvani. Nyumba yogundana ndi yathu mumakhala nkhalamba ina, a Harold, amene ndimawatulutsira bini ya zinyalala. Esinati anandiuza kuti ali mnyamata, ntchito yawo inali kujambula zithunzi zoterezi. Ndinamukoka Limbani dzanja kuti tiye, iwe wa Chingerezi chambiri, ukandimasulire.

Ndinawafunsa kuti iwowo anakamenyera kuti. Akuti mfuti sanaigwirepo, anali ndi chifuwa. Nanga asilikali osekerera a m'zithunzi zawo aja? Akuti onsewo anali munthu mmodzi, mnyamata wonyamula nsomba padoko. Ankamupatsa ndudu kuti aime chilili, mfuti yake mpini wa tsache. Kenako nayenso anamutengera kunkhondo, sanabwerere. Ndinati Limbani, wamva? Iye akuti agogo, nkhondo za masiku ano ndi zina.

Pakamwa panga mumapadziwa, Amayi. Ndalalata sabata yonse, mpaka ndi amake omwe ndawanyoza kuti anabereka gonthi. Limbaniyo akungopinda zovala. Akunyamuka Lolemba. Ndatopa.

Dzulo ndinamutengeranso kwa a Harold, pensulo ndi pepala zili m'manja. Ndinati munajambula ana a eni, jambulani wangayu. Osamuveka jombo, osamuseketsa. Nkhope imene Atate anapita nayo palibe anaisunga, ife tinangodziwa imene anabwera nayo. Nkhalamba manja ali njenjenje, inatha masana onse. Khutu limodzi lakula, mphuno yapendama. Koma ndi iyeyo ndithu, atatupitsa milomo ngati ndamutuma kusitolo kukugwa mvula.

Muwauze Atate kumizimu komweko amuyang'anire, njirayo akuidziwa. Ine ndikulonjeza kuti Lolemba ndimuperekeza kusiteshoni, ndipo pakamwa nditseka mpaka sitima itanyamuka.

Ndine wanu wokukondani mpaka tidzaonane,
Fanesi