Ndinadya pamsewu ku Shanghai

Okondedwa achimwene a Lyson,

Landirani moni, inu ndi alamu pamodzi ndi ana. Kuno ku Smethwick tili moyo, koma mawondo anga sanachirebe chibwerere ku Shanghai, kumene mwana wanga Esnart ananditengera kukaona mdzukulu wathu akumaliza maphunziro.

Ulendowo unali wa mtengo wotsika. Tinkagona m'kachipinda kopanda zenera, ndipo tsiku lonse tinkayenda wapansi kuona nyumba zitalizitali ndi akachisi akale. Chakudya Esnart ndi mdzukuluyo ankagula pamsewu, koma ine ndinakana. Mukudziwa kuti aphunzitsi athu a kumishoni anatilera kuti munthu wolongosoka sadya panjira, choncho ndinkangomwa tiyi ndi mabisiketi m'chipinda.

Tsiku lina masana miyendo inayamba kunjenjemera ndi njala. Mayi wina wogulitsa timitanda ta ufa wa tirigu tokhala ndi nyama mkati anandiikira kampando kakafupi ngati ka mwana. Ndinakhalapo nditavala jekete, ndipo ndinadya mpaka msuzi unadonthera patayi. Pofuna kudzuka mawondo anakana, moti amuna awiri osawadziwa anachita kundinyamula. Esnart anati, "Adadi, tamwetulirani," n'kundijambula.

Dzulo Esnart anandiuza kuti chithunzicho anakutumizirani kale. Ndatopa, achimwene, ndipo mphamvu zokangana naye ndilibe. Pempho langa n'lakuti chikafika muchione inu ndi alamu basi. Chisafike m'manja mwa anyamata a kwaya aja ndinkawathamangitsa pachiwaya cha tchipisi ndili mkulu wa mpingo.

Ambuye akusungeni nonse.

Ine mkulu wanu,
Wilfred