Ndalama ya Aroma Imene Anakudulani M'khosi

Amayi, kaya muli bwanji kumeneko? Ndine Lameki wanu. Achimwene a Fanueli akadali moyo, ndipo ine sindinawakhululukire.

Ndiyambe ndi zabwino. Chisomo, mwana wanga amene akundisunga kuno ku Glasgow, wabereka mtsikana ndipo tamutcha dzina lanu. Kumudzi akuti chimanga chachita bwino. Ine mawondo andikana, masitepe a nyumba za dera lathu lino la Partick ndimakwera mopumira.

Sabata yatha mkamwini ananditengera ku nyumba yosungirako zinthu zakale. M'galasi munali ndalama zagolide za Aroma, zazing'ono ngati chikhadabo. Mbali ina mutu wa mfumu yovala nkhata ya masamba, mbali inayo mkazi wamapiko. Amayi, ndendende ija abambo anabwera nayo kuchokera kunkhondo, ija munkavala m'khosi mutaisokerera m'kansalu. Munkati, "Mfumuyi sindiidziwa, koma mngeloyu ndiye anabweza bambo ako." Ndinakhala pabenchi. Mkamwini anandiwerengera zolembedwa pamenepo. Akuti mkaziyo si mngelo, ndi chizindikiro chakuti mfumu yapambana nkhondo. Chabwino. Koma si mankhwala.

Tsiku la maliro anu, osambitsa mtembo atapeza kansaluko, achimwene anadula chingwe n'kukauza akulu ampingo kuti munali ndi chithumwa. Mpingo unanyamuka n'kubwerera. Inu amene munasesa tchalitchi moyo wanu wonse, tinakuikani popanda nyimbo. Achimwenewo anati ndalamayo akaiponya m'chimbudzi. Ine ndinalipo, ndinkadziwa zimene zinali m'kansalumo, koma ndinaopa. Ine wolekezera sitandade folo ndikanawatsutsa bwanji achimwene, mphunzitsi? Paja munkati mawu osanena amaolera m'mimba. Aoladi.

Ndiye dzana Chisomo wandionetsa pafoni zithunzi za ukwati wa mdzukulu wa achimwenewo. Ndalama yanu ili m'khosi mwa mkwatibwi, patcheni, ikunyezimira. Ndinapempha kuti achikulitse chithunzicho. Mapiko aja ndinawazindikira.

Sindikuifuna. Mwanayo sanalakwe, aivale. Adokotala akuti mtima wanga watopa, ndisakwere ndege, koma kumudziko ndikupita. Chimene ndikufuna ndisanafe n'chimodzi: a Fanueli aime pamanda panu, mpingo wonse uli pomwepo, anene ndi pakamwa pawo kuti anakunamizirani. Akatero nyimbo ndiyambitsa ine, ngakhale mawu anga anasasa kalekale.

Ndikulonjeza, Amayi, sindibwera kumeneko ndisanakuimbireni.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Lameki