Kabuleta ya Ndege ya Sadiq

Oshawa, 18 Juni 2006

Okondedwa Bambo,

Salaam aleikum. Kaya mwadzuka bwanji kumeneko ku Liwonde, inu ndi mayi? Bondo lija lasiya kutupa? Ife kuno tili bwino, Mulungu akutisunga. Mpongozi wanu Sikina wayamba ntchito kunyumba yosamalira okalamba. Mdzukulu wanu Zara wakula; ukamufunsa m'Chichewa amamva ndithu, koma amayankha m'Chingerezi. Ine ndikadali pagalaja pomwe paja.

Kalata yanu yopita kwa Sadiq ndinaiona, anandiwerengera yekha. Ndamva kuti chithunzi cha ndege yake mwachipachika m'galaja mwanu, ndipo aliyense wobwera ndi galimoto mukumuuza kuti mwana wanu wapanga ndege ku Canada. N'zoona, mng'ono wanga wapanga ndege. Zaka zinayi wakhala akulumikiza mapiko kuseri kwa nyumba yake. Koma pali zina zomwe sanakulembereni.

Injini yake ndi ya galimoto ya Vokisi, yonga zomwe munkandiphwasulitsa ndili mwana. Sadiq anagula kabuleta yaikulu yosakanizira petulo ndi mpweya, akuti yaikulu ndiyo ya mphamvu. Atailiza, injini inkangotsokomola, mapulagi akuda bii ngati makala. Milungu itatu anavutika nayo osandiuza, mpaka mlamu Amna ndiye anandiimbira foni.

Nditayeza pakamwa pa paipi yolowetsa mpweya, ndinamuuza kuti wagula ya khosi lalikulu, injini singathe kukoka petulo bwino ikamalira pang'onopang'ono. Anatsutsa, nanditulutsira mabuku ake a uinjiniya. Ine ndinangopita kukasaka yaing'ono. Ndinaimanga pansi pa injini kuti petulo azitsika yekha kuchokera m'thanki. Ndinayesa majeti atatu, timabowo todutsa petulo m'kabuleta, ndikumasula mapulagi nthawi iliyonse kuona mtundu wake, mpaka anafiirira monga munandiphunzitsira. A Tobias, mkulu wina amene wauluka zaka zambiri, anatichenjeza kuti kumwamba chinyezi chimaundana m'khosi mwa kabuleta n'kuzimitsa injini. Ndiye ndinasula kapaipi kotenga mpweya wofunda pa ekizosi. Masabata asanu ndi awiri, Lamlungu lililonse, ndinali kumeneko.

Tsiku louluka linali Loweruka lapitali, pa kabwalo kakang'ono kunja kwa tauni. Anthu anabwera, Amalawi ndi anzathu a ku Chipata, ena mpaka kuchokera ku Brampton. Sadiq anaima pambali pa ndege atavala jekete yatsopano, akufotokozera anthu mmene anasankhira kabuleta atawerengera bwino mpweya. Dzina langa silinamveke. Mayi wina anandipempha kuti ndisunthe pang'ono, ndikutchinga chithunzi.

Bambo, apa ndi pomwe pandilembetsa kalatayi. Nditasuntha ndinaima pafupi ndi injini, chivundikiro chisanatsekedwe. Ndinaona kuti nati yogwira kebulo ya moto pa kabuleta ilibe waya woikhoma. Sadiq anaimasula dzulo lake, n'kuiwala. Injini ikamanjenjemera, nati yotero imamasuka yokha, ndipo woyendetsa sangathenso kuwonjezera moto kapena kuchepetsa.

Ndinaona, ndipo ndinakhala chete. Mumtima ndinati mwini mabuku aione yekha. Ndinati mwina a Tobias aipeza, Sadiq achite manyazi pamaso pa anthu ake. A Tobias sanayang'ane. Sadiq ananyamula chivundikiro, akuseka ndi Amna, n'kuyamba kumanga zomangira. Anamanga ziwiri ine ndikungoyang'ana. Pa chachitatu m'pamene ndinamugwira dzanja.

Ndinamuuza chapansipansi kuti atsegule. Ataona natiyo nkhope inasintha. Ndinatenga pulayala m'thumba, ndinaikhoma, palibe wina anadziwa. Anangoti, “Mwachita bwino, achimwene,” n'kukwera.

Anauluka mphindi makumi awiri. Injini inalira mosalala, sinatsokomole ngakhale kamodzi. Anthu ankaomba m'manja. Atatera anamunyamula pamapewa. Madzulo ake anandiimbira, nandiuza kuti mpando wachiwiri ndi wanga akadzaloledwa kunyamula munthu. Ndinayankha kuti ndamva. Iye akudziwa kuti ndinamupulumutsa. Sakudziwa za zomangira ziwiri zija. Ngakhale Sikina sindinamuuze. Ndapempha chikhululuko pa swala iliyonse, koma nsanjeyo sinachoke. Ndikamva ndege ikudutsa pamwamba pa galaja, mtima umawawabe.

Pempho langa ndi limodzi. Mundiyankhe ndi dzanja lanu, osati kudzera mwa Sadiq. Chaka chomwe munanditulutsa Fomu 2 kuti ndizikuthandizani m'galaja, iye n'kupitiriza sukulu, kodi munaona luso m'manja mwangamu, kapena munangoona kuti mutu wanga sungafike patali? Ndili ndi zaka makumi anayi ndi chimodzi, ndipo sindinakufunsenipo. Yankho lililonse ndilandira, bola likhale loona.

Mundiperekere moni kwa mayi, kwa azakhali a ku Ntaja, kwa achemwali ndi alamu pamodzi ndi ana awo. Amalume muwauze kuti mankhwala a maso aja ndapatsira munthu wobwera mwezi wamawa. Za natiyi mayi asamve.

Mulungu akusungeni.

Ndine mwana wanu woyamba,
Sufian