Ofesi Yatsopano ya Angella

Lolemba, 2 Juni 2025

Chiperoni kuyambira m'mawa. Phiri silikuoneka n'komwe. Pamsonkhano bwana wathu, a Moffat, alengeza kuti bungwe lathu likutsegula ofesi yolondoloza mapulojekiti onse: mijigo, zimbudzi za m'masukulu, timilatho. Zonse zizilowa mu pulogalamu imodzi ya pakompyuta. Woyang'anira ofesiyo: Angella.

Angella! Yemwe uja ndinamuphunzitsa ine kuyendetsa njinga yamoto pabwalo la mpira, akukuwa ngati mbuzi yomangidwa. Anabwera kuno kudzaphunzira ntchito, nsapato za gogoda m'matope a ku Limbuli. Ine ndi amene ndinkamuuza pogwada, popereka moni, pokhala chete.

Ndawomba nawo m'manja. Mwinanso kuposa onse.

Lachinayi, 5 Juni

Amupatsa chipinda chija tinkasungiramo simenti ndi mapaipi. Penti, makatani, tebulo latsopano, laputopu, chi-TV pakhoma. Langa tebulo likadali lija lochirikiza ndi njerwa. Pachitseko akhoma dzina lake. Ndadutsapo kangapo ngati ndikukamwa madzi.

Madzulo ndamufotokozera mwamuna wanga Pilato. Yankho lake: "Koma mtsikana uja ndi wochangamuka, eti?" Madzi osamba wadzitenthetsera yekha.

Lachitatu, 11 Juni

Angella ali ku Blantyre, maphunziro a pulogalamu ija. Hotela, alawansi. Pasitetasi yake: nkhuku ndi tchipisi, baji pachifuwa, mano onse panja. Ine ku Limbuli, mvula yowaza, njinga kuterereka, nkhomaliro chinangwa chootcha cha pamsika. Ndaonera sitetasiyo mobwerezabwereza mpaka bandulo kutha. Ya sabata yonse. Mulungu andikhululukire.

Lachiwiri, 17 Juni

Wabwerako ndipo watiphunzitsa tonse, ataima kutsogolo ngati mphunzitsi wamkulu. Ntchito iliyonse ili ndi mzere wake, dzina la mwini wake, tsiku loti ithe, ndi mtundu. Wobiriwira, zikuyenda. Wachikasu, samala. Wofiira, zavuta. Ife ogwira ntchito kumidzi tizitumiza zithunzi ndi malipoti pafoni, n'kumasintha mitunduyo tokha.

Zimbudzi zanga za ku Chinakanaka zatuluka zofiira pa TV, pamaso pa aliyense, pambali pake dzina langa: Eneles. Simenti inachedwa kubwera, koma TV sinena zimenezo.

"Achemwali musadandaule, ndikuthandizani kulowetsa." Angella akuti andithandiza, ine!

Chondiwawa kwambiri n'chakuti pulogalamuyo ndi yabwino. Zimene ndinkafufuza m'mafayilo tsiku lathunthu, iye akungodina kamodzi, zatuluka. Ndimafuna ikanakhala yachabechabe.

Lachinayi, 26 Juni

Mjigo wa ku Limbuli wafa. Andiimbira a Trust, wapampando wa komiti ya mjigowo: ndodo zaduka m'kati, amayi ayambiranso kutunga kumtsinje. Ndati ndamva, ndikanena kuofesi.

Pa TV mjigowo ndi wobiriwira, monga tinauikira sabata yatha. Lachiwiri kukubwera alendo ochokera ku Lilongwe, omwe amatipatsa thandizo. Angella wasankha mjigo womwewo kuti akawaonetse, poti ndi wobiriwira.

Foni ndinaitulutsa. Pulogalamu ndinaitsegula. Kunangotsala kudina basi kuti mjigowo ufiire. Ndaibweza m'chikwama. Aone ngati kompyuta imatunga madzi.

Lamulungu, 29 Juni

Kutchalitchi ndaimba mokweza. Ulaliki sindinaumve. Angella anakhala kutsogolo, chijekete chachikulu, atandiona n'kumwetulira. Nanenso ndinamwetulira.

Pilato akufunsa chifukwa chake sindikudya. Ndati chimfine.

Lachiwiri, 1 Julayi



M'mawa zinayenda bwino. Alendo anaima kutsogolo kwa TV, mitu kugwedeza, mafunso, Angella kuyankha mosadodoma. A Moffat chifuwa patsogolo. Kenako tonse m'magalimoto, ulendo wa ku Limbuli.

Pamjigo tinapeza amayi ataima ndi zidebe zopanda kanthu. Anachita kubwera dala atamva kuti kukubwera mabwana. Mlendo wamkulu, mayi wa magalasi, anagwira chitsulo n'kuyamba kupopa. Phokoso lokha. Ngakhale dontho.

A Trust anavula chipewa. "Ife tinawauza amayi Eneles sabata yatha."

Maso onse pa ine. Ndinaona ntchito ikutha pomwepo, ine ndikukwera minibasi ndi katoni ya katundu wanga. Ndiye Angella anayankha. "Zoona, achemwali anandiuza. Ndine amene ndinaiwala kusintha. Pepani kwambiri."

Bodza. Walinena osaphethira, ponditeteza ine.

Panali mayi wina wobereka mwana kumbuyo, khosi la mwanayo lili lende. Akuti wakhala akutsegula m'mimba kuyambira Loweruka, madzi akumtsinje.  Mayiyo anangondiyang'ana. Pokonza zanga zija ndinkaona nkhope ya Angella yokha. Za amene amamwa madziwo sizinandibwerere n'komwe.

Lachitatu, 2 Julayi

A Moffat amukalipira Angella chitseko chili chotseka. Khoma n'lopyapyala, ndamva zonse. "Pulogalamu yonama ndi ya ntchito yanji?" Iye: "Sizichitikanso, bwana." Dzina langa sanalitchule. Watuluka maso ali psuu, n'kundipatsabe moni.

Ndinayenera kulowa n'kunena zoona. Ndinafika pachitseko. Ndinapitirira.

Kuchoka apo, tsiku lonse ndakhala ku Limbuli ndi amakaniko. Mjigo ukutulutsa madzi. Chithunzi ndatumiza ndekha. Mwana uja ndamupititsa kuchipatala panjinga yanga pamodzi ndi mayi ake, amuika diripi, akuti apeza bwino.

Koma mtimawu! M'malo mothokoza, ukuwira. Ofesi yake, ulemu wake, tsopano ndi mtima wabwino womwe ndi wake. Ine nditsale ndi chiyani? Akanandiyalutsa pamaso pa alendo, bwenzi ndili ndi chifukwa chomudera.

Lachisanu, 4 Julayi

Ndikumuzemba. Akalowa kukhitchini, ine ndatuluka. Zimbudzi za ku Chinakanaka zasanduka zachikasu. Palibe wandiyamikira.

Loweruka, 12 Julayi

Wabwera kunyumba. Masana, pakabaza, chinanazi m'manja. Ndinali ndikuchapa, thovu mpaka m'zigongono. Ndinamuyalira mkeka pakhonde.

Ndinayamba ine. "Angella, za mjigo zija..." Anandidula. "Zisiyeni, achemwali. Ndabwerera zina."

Ndi woyembekezera. Majekete aja sanali a chiperoni chokha. Kuofesi sanauze munthu kupatula bwana. Magazi akuthamanga kwambiri, adokotala amuuza kuti apume msanga, mwina mpaka chaka chamawa. Wapempha a Moffat kuti ofesi ndiigwire ine, ndipo avomera. "Palibe wina amene akudziwa midzi ija ngati inu. Pulogalamuyo ndikuphunzitsani sabata ino, sivuta." Lolemba andipatsa makiyi.

Iye akuseka, akuti akuopa, mayi ake ali kutali, adzandifuna. Kenako anatenga dzanja langa, lonyowa choncho, n'kuliika pamimba pake. "Dikirani, mumva." Ndinadikira. Kanagunda. Kachiwirinso.

Ndinamuperekeza mpaka pamsewu, ndikumulangiza kuti azidya masamba, asamakwerenso kabaza. Mawu anga abwinobwino, ngati a munthu wodziwa.

Pilato wasangalala. Akuti Mulungu wayankha, ofesi yapezeka. Iye sakuona. Zaka zonsezi m'banja, nyumba ili zii, yopanda mwana. Zipatala, mapemphero, mizu ya kwa azakhali, mpaka apongozi anasiya n'kufunsa komwe. Mwezi wathunthu ndakhala ndikulirira chipinda chosungiramo simenti, pomwe mtsikanayo ankadutsa pafupi nane tsiku lililonse atanyamula chimenechi pansi pa jekete.

Ndakhala kuseri kwa khitchini. Zochapa zikadali m'beseni. Dzanja lija ndaliika pamimba yanga, sindikudziwa kuti ndikudikira chiyani. Pilato akuitana kuti ndibweretse mpeni tidule chinanazi. Ndamuuza kuti ndikubwera, adikire kaye.