Mpunga wa pa Chimbiya

Kasina, Dedza
Julayi 2023

Okondedwa alamu a Magadalena,

Ndayamba ndi kufunsa za moyo wanu, abambo a kunyumba ndi ana kumeneko ku Mzuzu. Mwendo uja unasiya kutupa? Kuno tilipo, kungoti chisanu cha chaka chino chatikhaulitsa, ana milomo yachita kung'ambika. Kachewere wa kudimba tayamba kukumba.

Musadabwe kuti ndalemba kalata m'malo moimba. Foni m'nyumba muno ndi imodzi, ndipo imakhala m'thumba mwa alongo anu, a Vinsenti. Nkhani ndikulembayi ndi ya iwowo.

Mwezi watha tinanyamuka tonse, ife awiri ndi ana, Tikondwe ndi Themba, kukaona amayi anga kwa Mphunzi. Titatsika minibasi pa Chimbiya ana anayamba kulira njala. Pali lesitilanti ina m'mbali mwa msewu imene timadyamo nthawi zonse, yaukhondo, ana anaizolowera. Ndinalunjika komweko. Alongo anu anandigwira mkono n'kunena kuti masiku ano kumeneko kunaipa, iwo akudziwa malo ena abwino.

Anatilowetsa m'kanjira ka kuseri kwa ogulitsa tomato mpaka pa kanyumba kamdima kopanda ndi dzina lomwe. Matebulo ake onata, ntchentche zili ponseponse.

Alamu, ndadyapo zoipa m'maulendo, koma osati ngati zimene zija. Mpunga unali wosapsa, wolimba pakati. Nkhuku inali ndi magazi pafupa, msuzi madzi okhaokha. Tikondwe analawa kamodzi n'kukankha mbale. Themba, poti ndi wamng'ono ndipo njala inamupweteka, ankangomeza. Inu mukuwadziwa alongo anu, munthu wobweza ndiwo kukhitchini mchere ukangopitirira pang'ono. Tsiku limenelo anapukuta mbale yawo, anamalizanso ya Tikondwe, n'kuthokoza pamwamba.

Wophika ndi woperekera anali mmodzi yemweyo, mtsikana wamtali, woonda. Alongo anu anawagwadira powasambitsa m'manja. Ine anangondiikira beseni patebulo osandiyang'ana. Kenaka ndinamva akuti, "Themba, ndikuonjezere msuzi?" Chilowereni chathu palibe amene anali atatchula dzina la mwanayo.

Apa m'pamene ndinayang'anitsitsa juzi imene anavala. Yobiriwira, ya zigamba zachikopa m'zigongono. Ndinawagulira ndine alongo anu pa kaunjika, ndipo eni akewo anandiuza kuti anaiiwala m'minibasi.

Sindinayankhule pamaso pa ana. Titafika kwa amayi Themba anatsegula m'mimba, ulendo wonse tinauthera kumwetsa mwana thanzi.

Pobwerera, titatsikanso pa Chimbiya, a Vinsenti anati tikadye komwe kuja. Ndinakana. Ndinawauza kuti mwana wangochira kumene, sangalowenso m'nyumba imene ija ine ndilipo. Anati ndine wonyada, ndimanyoza anthu osauka. Tinakangana mpaka makondakitala anayamba kutiyang'ana. Ana ndinawagulira chipisi cha pachiwaya chimene ndinachiona ndi maso anga chikupsa, ndi nthochi. Iwo analowa okha m'kanjira kaja, ndipo anakhalitsa mpaka minibasi ya kwathu inatisiya.

Kuyambira pamenepo sindimaona tulo bwino. Akati akupita kukafuna ogula kachewere, ine mtima uli pa Chimbiya. Akabwera n'kunena kuti sakumva njala, ndimadziwa kumene adya.

Sabata yatha ndinasenza kadengu ka kachewere ngati ndikukagulitsa, n'kupita ndekha. Ndinakhala pa tebulo lomwe lija n'kuitanitsa tiyi. Mtsikanayo atandizindikira, tiyi anatayikira m'sosala. Ndinamufunsa dzina, anati Nomsa. Ndinamufunsa kuti mwamuna wanga ndi ndani wake. Anayang'ana pansi n'kunena kuti, "Ndi bambo anga, amayi."

Akuti kwawo n'ku Lobi. Akuti mayi ake anamwalira chaka chatha, ndipo asanatsirizike anamuuza dzina la bambo ake ndi kumene amakhala. Akuti a Vinsenti ndiwo anamupezera ntchito imeneyi, ngakhale kuphikira anthu ambiri sanazolowere, ndipo mwini malo akumuopseza kuti amuchotsa chifukwa makasitomala akuthawa. Akuti tsiku lija anatibweretsa dala kuti iye aone abale ake, koma anamuletsa kudziulula. Amagona m'khitchini momwemo, pa masaka. Ananena zonsezi akulira.

Madzulo ake, ana atapita kukasewera, ndinawafunsa alongo anu. Poyamba anakwiya kuti ndikuwalondalonda. Kenaka anakhala pansi n'kuvomera. Akuti zinachitika asanandidziwe ine, ankaopa kundiuza, ankayembekeza nthawi yabwino. Nditafunsa kuti ndani angachitire umboni, anati, "Magadalena akudziwa zonse. Anapitako mwanayo atabadwa."

N'chifukwa chake ndabwera kwa inu, alamu.

Ndikufuna kukhulupirira, koma mtima ukukana. Atsikana a masiku ano amuna a eni amawatchula adadi, tonse timamva. Misozi nayonso siivuta kutulutsa. Nkhani ya awiriwa inagwirizana kwambiri, mawu ake amodzimodzi, ngati anachita kuphunzitsana. Nkhope yake ndinaiyang'ana mpaka iye kuchita manyazi. Akatembenukira uku ndimaona chipumi cha kwanu, akatembenukira uko sindiona kanthu. Zaka zimene anandiuza zikupitirira ukwati wathu, koma thupi lake ndi la mwana. Ngati wachita kuonjezera zakazo, ndiye kuti anabadwa ine ndili kale m'nyumba muno, ndipo imeneyo ndi nkhani inanso.

Inu munandilandira ngati mng'ono wanu tsiku limene ndinabwera ku Kasina. Themba atabadwa munandisambitsa ndinu. Ndikupempheni, musandibisire pofuna kuteteza mlongo wanu. Musayambe mwawaimbira iwo kuti mumve zoti mundiuze. Imbani pa foni ya a Anselmo, akatekisiti a kutchalitchi kwathu, munene kuti mukufuna Monika, adzandiitana. Mungondiuza ngati munapitadi ku Lobi, ndi chaka chake.

Ngati ndi magazi anu, ndikamutenga ndekha. Mwana wamkazi sangamagone pa masaka pamalo podutsa madalaivala, abale ake ali ndi nyumba. Ululu wobisiridwa ndidzathana nawo pang'onopang'ono. Koma ngati andinamiza pogwiritsa ntchito dzina lanu, ndiitana ankhoswe.

Dzulo ndagula mphasa yatsopano, ili chipindire kuseri kwa chitseko. Tikondwe wandifunsa kuti ndi ya ndani. Sindikudziwa ngati adzagonepo Nomsa, kapena ndidzainyamula ndine pobwerera kwa amayi.

Mundiperekere moni kwa abambo, kwa Kizito ndi azing'ono ake onse. Ambuye akusungeni, ndipo mundikumbukire pa Misa.

Ndine mlamu wanu,
Monika