Mavu Anatsala Pang'ono Kundilanditsa Mfuti

Cunnamulla,
14 Novembala

Achemwali anga a Valmai,

Moni wochokera kuno kotentha, kumene ngakhale ntchentche zimapuma masana. Muli bwanji ku Tasmania kwathuko? Bondo lija lasiya kulira mukamakwera masitepe a kutchalitchi? Ine ndili bwino, ndikudya, ndikugona, ndipo kalatayi ndikulembera m'nyumba yanga yomwe ija. Mumve bwino pamenepo: m'nyumba yanga. Ku Toowoomba sindikupita. Ndikudziwa kuti mwana wanga Kerrilee anakuimbirani foni kuti wandikonzera chipinda kwawoko, chija choyang'ana kumpanda, ndiye khalani pansi ndikuuzeni mmene ndapulumukira.

Mukudziwa kuti kwa zaka makumi atatu ndine amene ndimawombera agalu akutchire pafamu ya nkhosa ya a Pruett. Chaka chino, nthawi imene nkhosa zimaswa, ndinaphonya agalu atatu motsatizana. Onse anali pa mamita mazana atatu, mtunda umene kale ndinkawombera uku ndikuyasamula. Chipolopolo chinkangodzutsa fumbi kunsi kwa mimba ya galu, iye n'kundiyang'ana ngati wandizindikira, n'kumapita mosathamanga n'komwe. Sabata imeneyo ana a nkhosa khumi ndi anayi anagwidwa.

Kerrilee atamva anayendetsa galimoto tsiku lathunthu kudzandiuza kuti maso anga atha. Ine ndinati vuto ndi zipolopolo, zayamba ulesi. Paja ndimadzipangira ndekha m'shedi, kuyeza onga pasikelo n'kumathira m'zikhokhombe zakale. Tinakangana mpaka tiyi anazizira, kenako tinapangana chonchi: tiyeze liwiro la zipolopolozo. Zikapezeka kuti zikuthamanga mmene ziyenera kuthamangira, mafiti zikwi zitatu pa sekondi, ndiye kuti olakwa ndi maso, mfuti ndipereke, ndilongedze katundu. Zikapezeka zaulesi, andisiye ndi mtendere wanga. Anandigwiritsa chanza, achemwali, ngati ndine munthu wosadalirika.

Kamakina koyezera liwiroko kuno timangoti korono. Kukalabu yathu ya owombera kunali kamodzi kakale, kabokosi kokhala ndi timaso tiwiri pamwamba pake. Umakaika patsogolo pa mfuti, mapazi angapo chabe, n'kuwombera kuti chipolopolo chidutse pamwamba pa timasoto. Wosunga kiyi ndi mnzanga Lindsay, uja anakupondani phazi povina paukwati wa Kerrilee. Anandikumbutsa kuti galasi loyang'anira limakhala pamwamba pa mpope wa mfuti, ndiye chinthu chikakhala pafupi, chipolopolo chimadutsa m'munsi mwa pamene diso likuona. Ndinamuuza kuti zimenezo ndinazidziwa iye akadali wamamina.

Phaa! Kabokosi kaja kanauluka, mabatire kwina, timawaya kwina.

Lindsay anavula chipewa n'kuchigwira pachifuwa ngati ali pamaliro. "Clarrie, aise, usadandaule. Chaka chonsechi ndi lero pamene wapha kanthu."

"Kanandiyamba ndi komweko," ndinatero ine. "Sunaone mmene kamandiyang'anira?"

"Nyama yake tigawana bwanji? Ine undipatseko batire."

Kerrilee yekha sanaseke. Anangoti, "Adadi, bokosi loima, losathawa, la pafupi chonchi?"

Mwambo wa pakalabupo ndi woti korono akawomberedwa amamupachika pakhoma, pambali pa mitu ya nguluwe, n'kulembapo dzina la mlenje wake ndi tsiku. Alipo asanu ndi mmodzi tsopano. Awiri mwa iwo ndi a Lindsay yemweyo, ndiye musamumvere chisoni. Komabe ine ndinabwerera kunyumba mwakachetechete, chifukwa mumtima ndinayamba kuganiza kuti mwina mwanayu akunena zoona.

Tsopano panafunika kugula wina, wolowa m'malo mwa malemuyo, ndipo tinakhala pakhonde atatu tonse, ine, Lindsay ndi Kerrilee, Kerrilee akutionetsa pafoni. Alipo amitundu itatu. Woyamba ndi wa timaso yemweyo, wotchipa, koma amadalira kuwala. Dzuwa likachuluka amanama, mtambo ukadutsa amanama, nthawi zina amangoti sanaone chilichonse. Ndikuululireni inu nokha: ine ndinkafuna ameneyo. Mboni yotere ndi yabwino kwa munthu amene ali ndi mlandu. Akanati zipolopolo zili bwino, ine ndikanaloza mtambo.

Wachiwiri ndi wa maginito, womangirira kumlomo wa mfuti. Ameneyo sungamuwombere ngakhale utafuna, koma Lindsay anati kulemera kwake kumasuntha pamene chipolopolo chikukagwera, ndiye sungayeze liwiro ndi luso la munthu pa nthawi imodzi. Wachitatu ndi kabokosi kakang'ono ngati ka sopo, kogwira ntchito ngati kamakina kamene apolisi amagwirira othamanga pamsewu. Kamakhala pambali pako, kumbuyo kwa mlomo wa mfuti, sikasamala za dzuwa kapena mtambo, ndipo manambala kamatumiza pafoni. Ndinati n'kodula, n'kachibwana, ndipo munthu wamkulu sangaweruzidwe ndi sopo. Kerrilee anafunsa Lindsay kuti mwa atatuwa ndi uti amene bambo ake sangamuphe komanso sangakangane naye. Mdala woipa uja analoza kasopoko osaphethira n'komwe.

Kanafika patatha masiku asanu ndi anayi. Masiku amenewo sindinanene nthabwala, moti mayi wa kuposi anandifunsa ngati ndikudwala. Ndinkayenda m'shedi n'kumayang'ana zinthu zanga, kuganiza kuti ichi ndipatsa ndani, nanga galu wanga Biddy akakhala kuti, popeza kwa Kerrilee kuli amphaka.

Loweruka m'mawa tinapita kukalabu. Ndinagona pansi, mfuti paphewa. Ndinawomba koyamba. Kerrilee anayang'ana foni. Ndinawombanso. Maso ake anali pafoni pompo. Nditawomba kachitatu ndinati andiuze, mtima wa nkhalamba si wa mphira.

"2,710," anatero. "2,690. 2,740."

Achemwali, sindinamvepo nyimbo yokoma ngati manambala amenewo. Zipolopolo zanga zinkayenda ngati anthu obwerera kumaliro! Ndinadzuka n'kuvina pafumbi pomwepo, msana n'kundikumbutsa zaka zanga. Lindsay anati kavinidwe kanga kokha n'kokwanira kundilanda laisensi.

Koma Kerrilee ndi mwana wa mayi ake. Anati tipite kushedi akaone chimene chachititsa. Ananyamula kambale ka sikelo yanga, n'kukatembenuza, n'kundifunsa kuti ichi n'chiyani. Ine sindinaone kanthu. Anandigwiritsa chala, ndipo ndinamva kabuluma kouma. Mavu aja omanga ndi dothi, amene kuno amamanga m'mabowo a kiyi, m'mapaipi, paliponse pamene waiwala kutseka, anali atayamba nyumba yawo kunsi kwa kambaleko. Kadothi kochepa ngati nyemba. Sikelo inkawerengera dothilo pamodzi ndi onga, ndiye chipolopolo chilichonse chinkanyamuka ndi njala. Ndipo ine sikeloyo ndinali nditasiya kalekale kuiyesa ili yopanda kanthu, poti ndinkaikhulupirira kuposa abusa.

Tinapala dothi lija, ndinapanga zipolopolo zisanu zatsopano, tinabwerera. Kasopo kanati zikwi zitatu, kasanu konse, kusiyana pang'ono chabe. Mbale yapepala imene Lindsay anakhoma pa mamita mazana atatu inabwera ndi mabowo asanu oti n'kuwaphimba ndi chikhatho. Kerrilee anaiyang'ana nthawi yaitali, kenako anandikumbatira mpaka chipewa chinagwa. Anati chipinda chija aikamo makina osokera.

Ndiye anandipatsa foni kuti ndiwerenge ndekha manambala anga, ndinyadire. Ndinaitalikitsa mpaka mkono unatha. Palibe chimene ndinaona, tinyerere tokhatokha. Apa ndiye ndinagwidwa. Patali ndimaona nkhupakupa pakhutu la galu, koma pafupi ndatha, n'chifukwa chake mavu anamanga pamphuno panga ine osadziwa. Mwanayu ananena zoona theka, ine theka. Tsopano ndili ndi magalasi owerengera olendewera pachingwe m'khosi ngati mlembi wa mpingo. Tsiku loyamba kuwavala ndinayang'ana pagalasi la kubafa n'kupezamo nkhalamba ina yamakwinya. Mpaka pano sindikudziwa amene anailowetsa m'nyumba mwanga.

Pempho langa ndi limodzi. M'kabati ya bambo, m'dirowa yam'munsi, munali kachitini ka fodya kokhala ndi timiyala tamkuwa timene ankayesera sikelo yawo nthawi imene ankakumba mgodi. Ngati simunatitaye, munditumizire. Kerrilee wandilumbiritsa kuti ndiziyesa sikelo nthawi iliyonse ndisanathire onga, ndipo ndikufuna kuti wondiyang'anira akhale bambo, osati foni.

Mundiperekere moni kwa alamu anga a Athol, muwauze kuti nsomba ija ankati anagwira yakula mokwanira, asiye kuiwonjezera. Moni kwa Glenys ndi ana ake, ndi kwa msuweni wathu Beryl ngati akundikumbukirabe.

Lachiwiri lapitali ndinabwerera kwa a Pruett. Galu wamkulu wofiirira, mmodzi mwa atatu ndinawaphonya aja, anaima paphiri, n'kundiyang'ana monga mwa chizolowezi chake. Ulendo uno sindinaphonye. Ana a nkhosa sabata ino onse alipo.

Ndine mlongo wanu wamaso anayi,
Clarrie